Kufunafuna mbalame yosowa padambo popanda kuiulutsa

Nkhani yake imabwera mwadzidzidzi. Mwina ndi uthenga wapafoni usiku, mwina mnzanu wakutsinani khutu kuti padambo lakutilakuti paoneka mbalame yosaonekaoneka, imodzi yokha pakati pa zinzake mazanamazana. Mtima umayamba kuthamanga, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa. Amanyamuka asakudziwa bwino chimene akukafuna, amafika dzuwa litakwera, amalunjika pamene pali gulu la mbalame, gulu lonse n'kuuluka. Iwo sanaione, amene akubwera m'mbuyo mwawo saionanso, ndipo mbalameyo yataya mphamvu zimene inkasunga.

Mbalame zimene ndikunena ndi zija zoyenda m'madzi osaya ndi m'matope, kuyambira zazikulu monga kakowa ndi dokowe mpaka tating'ono totuwa tothamanga m'mphepete mwa madzi. Zazikuluzo sizivuta kwenikweni. Tozunguza mutu ndi tating'onoti, ndipo malangizo ambiri pano akukhudza timeneti. Ndititchula ndi mayina amene mungawapeze m'mabuku a mbalame, kuti musavutike pofufuza.

Yambani ndi mafunso

Musanagwire chikwama, pezani munthu amene anaiona ndi maso ake, osati amene anangomva. Mufunseni tsiku ndi ola. Mufunseni pamene anaima, kumene anayang'ana, ndi kutalika kwa mtunda pakati pa iye ndi mbalameyo. Kungoti "ili kudambo" sikuthandiza, chifukwa dambo lina mukhoza kulizungulira tsiku lathunthu osalimaliza. Mukufuna mawu onga akuti, "mukadutsa mlatho, pachithaphwi chachiwiri, mbali imene bango lathera." Funsaninso kuti inali ndi mbalame ziti, inkadya kapena inkapuma, ndipo madzi analekezera pati.

Funso lomaliza limachititsa manyazi pang'ono, koma safunsa anadya phula: anadziwa bwanji kuti ndi imeneyo? Akatchula zizindikiro ziwiri kapena zitatu zomveka, kapena akakutumizirani chithunzi ngakhale chosaoneka bwino, konzekani ulendo. Akangoti "inkaoneka yachilendo," pitanibe ngati n'pafupi, koma musaikepo mtima wonse.

Ngati muli ndi intaneti, yang'anani pa webusaiti ya eBird. Inayamba mu 2002 pansi pa Cornell Lab of Ornithology, bungwe lofufuza za mbalame la ku America, ndipo anthu padziko lonse amalembapo mbalame zimene aona, malo ndi tsiku. Muonapo ngati ena aionanso dzulo ndi dzana, komanso mbalame zonse zimene zimapezeka pamalopo mwezi umenewo. Dziwani kuti malo a mitundu ina yovutitsidwa ndi anthu amabisidwa dala, ndipo n'zoyenera kutero.

Fufuzaninso mwini malo. Mbalamezi zimakonda malo osungirako zachilengedwe, komanso minda ya mpunga, maiwe opangiramo mchere, ngakhale maiwe oyeretsera madzi onyansa a m'mizinda. Konseko kuli wina woyenera kumupempha musanalowe. Munthu mmodzi akalumpha mpanda, chipata chimatsekedwa kwa onse.

Dziwani zofala musanafune yosowa

Gawo ili ndi limene anthu amalidumpha, chikhalirecho ndi limene limabala zipatso. Mbalame yosowa siima payokha. Imalowa m'gulu la abale ake ofanana nayo, n'kumadya nawo, n'kumagona nawo. Amene amaizindikira ndi munthu amene wazionera zofalazo nthawi yaitali, mpaka diso lake limakhumudwa lokha likafika pa imodzi yosiyana.

Taganizirani za spoon-billed sandpiper. Ndi kambalame ka masentimita pafupifupi 15, kamaswana ku Chukotka, kumpoto chakum'mawa kwa Russia, ndipo nyengo yozizira kamatsikira m'magombe a Myanmar, Bangladesh ndi Thailand. Padziko lonse timbalameti tatsala mazana ochepa chabe. Mlomo wake ndi wophwaphwatika kunsonga ngati kasupuni, choncho mungaganize kuti n'kosavuta kukazindikira. Koma kakaima cham'mbali, kasupuniko sikaoneka bwino, ndipo kamakhala pakati pa red-necked stint zochuluka zofanana nako msinkhu. Anthu amene amakapeza m'maiwe a mchere a ku Pak Thale, ku Thailand, amayamba aona zina: chipumi ndi mimba zoyera kwambiri kuposa za anzake, mutu wooneka wokulirapo, ndi kadyedwe kake koyenda mlomo uli pansi, kukankha matope uku ndi uku. Mlomo amauona pomaliza, kungotsimikizira.

Tsono usiku woti mawa mukupita, tsegulani buku la mbalame. Musawerenge tsamba la yosowayo lokha. Werenganinso za ziwiri kapena zitatu zimene zimafanana nayo, ndipo lembani pakapepala kusiyana kwake m'mawu anuanu. Poyerekeza, tsatani ndondomeko iyi ndipo muzolowere kuitsata padambo pomwe.

Yambani ndi msinkhu, koma poyerekeza ndi mbalame imene yaima pambali pake, chifukwa mbalame ili yokha pamatope imanamiza maso. Kenako mlomo: kodi ndi waufupi kuposa mutu, wofanana nawo, kapena wautali kawiri? Wowongoka, wopindikira pansi, kapena wotukukira m'mwamba? Common greenshank ili ndi mlomo wonenepa wotukuka pang'ono, pamene marsh sandpiper, imene imafanana nayo patali, ili ndi mlomo wowongoka woonda ngati singano. Curlew sandpiper mlomo wake umapindikira pansi, ndipo ikauluka imaonetsa banga loyera pamwamba pa mchira. Mukatha mlomo, onani miyendo, kutalika kwake ndi mtundu wake. Apa samalani, chifukwa matope amadetsa miyendo yachikasu n'kuoneka yakuda. Dikirani mpaka ilowe m'madzi oyera.

Kenako kadyedwe. Za mtundu wa plover zimasaka ndi maso: zimathamanga pang'ono, n'kuima nji, n'kujompha, n'kuthamanganso. Zambiri za mtundu wa sandpiper zimasaka ndi mlomo, zikuyenda mutu uli pansi, kuzika mlomo m'matope mosalekeza. Common sandpiper imagwedeza kumchira nthawi zonse, ndipo mukaiona kamodzi simudzaiiwala.

Mtundu wa nthenga uikeni pomalizira. Mbalamezi zimasintha nthenga kawiri pachaka. Nyengo yoswana zambiri zimakhala zofiirira ndi mawangamawanga, zikafika kumene zimathawira chisanu zimatuwa, ndipo ana a chaka chomwecho amakhalanso ndi maonekedwe awoawo. Mtundu umodzi wa mbalame ukhoza kuoneka ngati mitundu itatu m'gulu limodzi. Msinkhu ndi mlomo sizisintha choncho.

Mverani kulira kwake. Pa webusaiti ya xeno-canto pali mawu ojambulidwa a mbalame zambirimbiri. Greenshank ikamauluka imalira katatu motsatizana, tyu-tyu-tyu, ndipo nthawi zambiri khutu limaidziwa maso asanaione. Mawuwo ndi ophunzirira kunyumba. Musawalize padambo pofuna kuitana mbalame.

Madzi ndi dzuwa ndizo zimasankha ola

Kugombe la nyanja yamchere, madzi amadzaza ndi kuphwa kawiri patsiku m'malo ambiri, ndipo tsiku lililonse nthawi yake imachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Madzi akaphwa, matope amatambalala mpaka kutali ndipo mbalame zimabalalika, simungaziwerenge. Akadzaza, zimaunjikana pamalo ouma n'kubisa milomo m'mapiko, ndiye kuti chizindikiro chachikulu chabisika. Nthawi yabwino ndi yapakati. Fikani kutatsala maola awiri kapena atatu kuti madzi adzaze, mukhale pansi, madziwo akukankhireni mbalame pang'onopang'ono zikudyabe. Mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangokhala kumene, madzi amakwera kwambiri kuposa masiku ena, choncho pamene munakhala sabata yatha pakhoza kumira.

Padambo la kumtunda, chofunika ndi matope anyowa amene madzi akusiya pamene akuphwa. Madzi akachuluka mpaka kufika m'udzu, tating'onoting'ono timasowa poima ndipo timasamuka. Mvula yamphamvu ya usiku umodzi ikhoza kusamutsa gulu lonse, ndiye ikagwa, musakakamire pamene inaoneka dzulo. Funani kumene kwatsala matope.

Fikani m'bandakucha. Dzuwa likatentha, mpweya wa pamwamba pa matope umachita kunjenjemera, ndipo telesikopu imangokuza kunjenjemerako. Konzani njira yanu kuti dzuwa likhale kumbuyo kwanu: m'mawa muime chakum'mawa kwa mbalame, madzulo chakumadzulo. Likakhala kutsogolo, mbalame iliyonse imasanduka chithunzithunzi chakuda. Nthawi zina kuzungulira dambo kwa theka la ola kumapindulitsa kuposa kuima maola atatu mbali yolakwika.

Zonyamula

Magalasi oonera patali, aja timati mabainokyula, a 8x42 amakwanira. Nambala 8 ikutanthauza kuti amakuza chinthu kasanu n'katatu, ndipo 42 ndi mamilimita a galasi lakutsogolo. Pa timbalame ta m'matope, telesikopu yokuza kuyambira ka 20 mpaka ka 60, yoikidwa pachoimikira cha miyendo itatu, imathandiza kwambiri chifukwa imakulolani kuima kutali. Ngati mulibe, pitani ndi amene ali nayo. Tengani kope laling'ono ndi pensulo, poti inki imafufutika ikanyowa. Valani zovala zosawala ndi zosachita phokoso, chipewa, ndi nsapato zotchinga madzi. Madzi akumwa musaiwale, ndipo wina kunyumba adziwe kumene mwapita ndi nthawi yobwerera.

Kuyandikira

Mu Okutobala 2022, bar-tailed godwit ya miyezi isanu yokha, imene akatswiri anaiveka kachipangizo kolondolera, inanyamuka ku Alaska n'kukatera ku Tasmania itauluka makilomita 13,560 masiku 11 osapuma. Mbalame yotere imauluka ndi mafuta amene yasunga m'thupi, ndipo mafutawo imawapeza potola tinyongolotsi ndi tinkhono m'matope, kamodzikamodzi. Si zonse zimene zimauluka mtunda wotero, koma zambiri zimene mukuziona padambo zachokera kutali ndipo zili ndi ulendo wina kutsogolo. Yosowa ija mwina yasochera ndi mphepo ndipo yafika itatheratu. Nthawi iliyonse imene mwaiulutsa, mwaidyera chakudya chake. Ine ndimaona kuti kubwerera osaiona n'kwabwino kuposa kuiona ikuthawa inu.

Mukafika, imani kutali kaye, muone dambo lonse ndi mabainokyula musanasunthe phazi. Sankhani poti mukakhale, poti kumbuyo kwanu kukhale chitsamba, bango kapena chiunda. Munthu woima pamwamba pa chiunda, kumbuyo kwake kuli thambo lokha, amaoneka kuchokera kutali kwambiri. Yendani m'munsi mwake. Musalunjike kumbalame. Yendani mopingasa ngati mukungodutsa, pang'onopang'ono, mukuima kawirikawiri. Musaloze ndi mkono wonse. Pamene msewu wayandikira madzi, khalani m'galimoto momwemo, chifukwa mbalame zambiri siziopa galimoto ngati mmene zimaopera munthu woyenda pansi. Galu asiyeni kunyumba, ndipo kandege kojambulira kaja kotchedwa drone musakaulutse, kamaoneka ngati mphamba.

Mbalame zimachenjeza zisanauluke. Imodzi imasiya kudya n'kutukula khosi. Zina zimatsatira. Kenako zimayamba kuyenda kukutalikirani, zina zikutambasula mapiko. Mukaona khosi loyamba latukuka, imani pomwepo, gwadani kapena khalani pansi, muyang'ane kumbali. Zikayambanso kudya, pamenepo ndiye malire anu a tsikulo. Musawadutse chifukwa chofuna chithunzi.

Pali chizindikiro china chofunika kuchidziwa. Plover ikamayenda patsogolo panu ikukoka phiko ngati lathyoka, siinavulale. Ikukukokerani kutali ndi mazira kapena anapiye. Mazirawo ali pansi penipeni, ofanana ndi timiyala, ndipo dzuwa likhoza kuwapha mwamsanga kholo likachokapo. Bwererani mmene munadzera, mukuyang'ana popondapo.

Inunso dzisamaleni. Matope ooneka ouma pamwamba akhoza kukumezani mpaka m'chiuno, ndipo kugombe madzi amabwerera kudzera m'timitsinje ta kumbuyo kwanu musanazindikire. M'mayiko amene muli ng'ona ndi mvuu, musaime m'mphepete mwenimweni mwa madzi akuya, ndipo kumene kuli likodzo musalowe m'madzi musanavale nsapato zotchinga madzi. Mbalame yakufa kapena yodwala musaigwire, chifukwa chimfine cha mbalame chapha zambiri za m'madzi zaka zapitazi. Auzeni oyang'anira malowo.

Kupeta gulu

Mwakhala pansi, dzuwa lili kumbuyo, mbalame zikudya. Yambirani kumapeto amodzi a gulu, kumanzere kapena kumanja, ndipo muyende ndi telesikopu mbalame imodzi ndi imodzi, mukuitchula dzina mumtima. Musakuze kwambiri poyamba. Yambani ndi ka 20 kapena ka 30 kuti muziona zingapo nthawi imodzi n'kumaziyerekeza, ndipo mukuze pokhapokha diso lakodwa penapake. Mukafika kumapeto, bwererani poyambira. Gulu silikhala chimodzimodzi: imene inabisika kumbuyo kwa inzake yatuluka, imene inagona yadzuka, zina zangotera kumene. Kupeta kakhumi si kuchulutsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Samalirani m'mphepete mwa gulu, ndi malo osiyana pang'ono ndi pamene pali zambiri. Mitundu ina siikonda matope apoyera. Pectoral sandpiper, mwachitsanzo, imakonda pamene matope akumana ndi kaudzu kafupi, ndipo imadziwika ndi mizere ya pachifuwa imene imathera mwadzidzidzi ngati mwadula ndi lumo, mimba n'kuyera. Mukangoyang'ana pakati pa gulu, mudzaiphonya.

Gulu likauluka lokha, mwina chifukwa cha mphamba, musataye mtima. Litsateni ndi mabainokyula, chifukwa pouluka m'pamene mizere ya m'mapiko ndi mtundu wa pamwamba pa mchira zimaoneka. Nthawi zambiri limazungulira n'kuteranso pafupi, litasakanikirana mwatsopano.

Mukakhala angapo, gawanani mbali. Woiona asafuule. Alongosole motsitsa mawu pogwiritsa ntchito chinthu chosasuntha: "kuchokera pachitsa chija, mbalame yachinayi kumanja, ikuyenda cha kumadzi." Diso lisachoke pagalasi mpaka wina ataipeza.

Mwaiona: lembani musanatsegule buku

Iyang'aneni kaye mokwanira. Kenako lembani zimene mukuona mbalame ili pomwepo: msinkhu wake poyerekeza ndi yoyandikana nayo, mlomo, miyendo, nkhope, chifuwa, msana, ngati nsonga za mapiko zikupitirira mchira, kadyedwe, kulira. Jambulani ndi pensulo ngakhale simuli katswiri, muike mivi yoloza zizindikiro. Lembani ola, mtunda, kumene kunali dzuwa. Chimene simunachione lembani kuti simunachione. Buku mulitsegule pambuyo pake, chifukwa mukayamba ndi buku, maso amayamba kuona zimene zili pachithunzi m'malo mwa zimene zili pamatope.

Ikani kamera ya foni pagalasi la telesikopu n'kujambula zambiri, makamaka kanema. Kanema wa masekondi makumi awiri amasunga kayendedwe ndi kadyedwe, zimene chithunzi sichingasunge.

Ndiyeno dzifunseni moona mtima ngati si mbalame yofala yooneka mwachilendo: mwana, yodwala, yoyera nthenga mwachibadwa, kapena yothimbirira ndi matope. Nkhani ya slender-billed curlew imasonyeza kulemera kwa funsoli. Inaoneka komaliza mosakayikitsa mu 1995 padambo la Merja Zerga ku Morocco. Mu 1998, ku Druridge Bay ku England kunaoneka mbalame imene ambiri anakhulupirira kuti ndi imeneyo. Anaijambula, akomiti younika malipoti a mbalame zosowa anaivomereza, koma mkangano sunathe, ndipo patapita zaka zoposa khumi anaunikanso umboni n'kuichotsa pamndandanda. Mu 2024 akatswiri anafalitsa kafukufuku wonena kuti mtunduwu unatheratu padziko. Kuunikanso kuja kunatheka chifukwa amene analipo anasiya zithunzi, makanema ndi zolemba. Mukakayikira, nenani kuti mukukayikira, ndipo tumizani zimene muli nazo kwa odziwa kuposa inu.

Yang'ananinso miyendo ngati ili ndi mphete zamitundu kapena kambendera kolembedwa zilembo. Lembani mwendo wamanzere payokha, wamanja payokha, kuyambira pamwamba kutsika pansi, ndipo sonyezani ngati mpheteyo ili pamwamba kapena pansi pa mfundo ya mwendo. Mabungwe oveka mbalame mphete amalandira malipoti otere, ndipo kawirikawiri amakuyankhani ndi mbiri ya kumene mbalameyo inavekedwa ndi kumene yaonekako.

Kuuza ena ndi kuchoka

Musanafalitse malo ake, ganizirani zinthu zitatu. Ngati ikuswana, uzani oyang'anira malo ndi bungwe losamalira mbalame la m'dzikolo basi. Ngati ili pamalo a munthu, mwini malo avomereze kaye kuti anthu abwere. Ngati kuderalo mbalame zimakoledwa kapena kuwomberedwa, musatchule chithaphwi chenicheni pagulu. Zonsezi zikakhala bwino, uzani ena, ndipo pamodzi ndi malowo muwauze poima, njira yofikira, ndi malire amene mbalame zinakuikirani.

Mukapanda kuipeza, lembanibe zonse zimene mwaona ndi kuchuluka kwake, maola amene munakhala, ndi mmene madzi analili. Lipoti loti "tinafufuza kuyambira 6 koloko mpaka 10 koloko, sitinaione" limapulumutsa mnzanu ulendo wautali, ndipo manambala a zofala zija ndi amene amasonyeza ngati dambo likudwala. Kalembera wa mbalame za m'madzi amene bungwe la Wetlands International limatsogolera Januwale aliyense, kuyambira 1967, amadalira kwambiri anthu ongodzipereka owerenga mbalame zofala zomwezi, ndipo amalandira manja atsopano.

Pochoka m'pamene ambiri amaulutsa gulu, poti mtima wakhuta ndipo miyendo yachita dzanzi. Pindani choimikira muli chikhalire. Dzukani pang'onopang'ono, mubwerere chowerama njira imene munadzera, ndipo nkhani muyambe mutafika kuseri kwa bango. Musanakhote, chewukani kamodzi muone ngati mitu idakali pansi, ikudya.